Paketi ya Shuga ku Nyumba ya Malamulo

Kawale, Lilongwe
14 Januwale 2013

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumudziko, inu ndi Ababa? Kuno ndili bwino. Sukulu tinatsegulira, ndipo andipatsa Sitandade 5, ana odzaza mpaka pakhomo. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa kwathuko foni imagwira pachulu cha kwa a Yesaya pokha, pamene munthu ukayankhula mudzi wonse umamva.

Amayi, inu mumandinamiza. Kalata iliyonse mumangoti "tili bwino, Mulungu akutisunga." Koma Isaac wa matola, amene amatinyamulira makalatawa, wandiuza kuti Ababa sanapondenso ku tchalitchi chiyambire Disembala. Ababa omwewa, mkulu wa mpingo kuyambira ine ndili kumsana, amene ankapita kukapemphera ngakhale mtsinje utadzaza! Chachitika n'chiyani?

Ine ndikuganiza kuti ndi matumba. Atawachita opareshoni ya khansa ya m'matumbo ija, n'kuwaboola pamimba kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo, matumba omata pabowopo amene anatipatsa kuchipatala anali ochepa, ndipo ndikudziwa kuti anatha kalekale. Ndazungulira m'masitolo a mankhwala m'tauni muno. Ambiri sakuwadziwa n'komwe. Pamene ndinawapeza, atanditchulira mtengo ndinangoseka n'kutuluka.

Koma ndakumana ndi munthu wina, Mayi Benedeta Kamanga, namwino wopuma pantchito. Amuna awo anamwalira ndi matenda omwewa, ndiye anayambitsa kabungwe kotchedwa Tisabise. Ntchito yawo ndi kuvutitsa aphungu. Amawalembera makalata, amawadikirira pageti pa Nyumba ya Malamulo, ndi kumaliro komwe amawatsatira. Chimene akufuna n'chakuti boma lizigula matumbawa monga limagulira mankhwala a malungo, kuti odwala aziwalandira m'zipatala mwaulere. Akuti pepala phungu amalipinda n'kuliiwala m'galimoto, koma akaona wodwala ndi maso ake tulo timamuvuta.

Tsono imvani. Phungu wa kwathu, Olemekezeka a Edward Nkhoma, ali m'komiti ya aphungu yoona za umoyo, ndipo paja anaphunzitsidwa ndi Ababa. Mayi Benedeta awagwira mwendo mpaka avomera kubwera kunyumba kwathu Lachinayi pa 7 Febuluwale. Ine sindidzatha kubwera, ndidzakhala ndili m'kalasi.

Chonde Amayi, adzaone zinthu mmene zilili. Musadzabise kanthu.

Ndine mwana wanu,
Thokozile

*

Kabudula
27 Januwale 2013

Mwana wanga Thoko,

Tili bwino, Mulungu akutisunga. Mvula ikugwa yokwanira, chimanga chayamba kumasula, ndipo fodya tayamba kuthyola wa m'munsi.

Kalata yako ndinaiwerengera m'chigafa, kuseri kwa fodya, kenako ndinakaiponya pamoto. Kodi ku Lilongweko manyazi anatha? Mwana wamkazi kulemba za m'mimba mwa bambo ake, mayina ake enieni, n'kupatsira Isaac, munthu amene pakamwa pake sipatsekeka ngati chitseko cha galimoto yake yomweyo! Ine sindinakulere choncho.

Za ku tchalitchi usafunse. Abambo ako akupuma.

Edward ndikumukumbuka bwino, kamnyamata ka mamina kamene kankabwera kusukulu ndi chimanga chokazinga m'thumba la kabudula. Lero akuti Olemekezeka! Abwere ndithu. Tidzamulandira monga timalandirira alendo pakhomo pano, ndipo sadzaiwala kuti anafika kwa Aphunzitsi a Gladson Mwale.

Utumize shuga wa m'mapaketi, osati woyeza pakapu, ndi pulasitala wamkulu uja. Ukudziwa wekha kuti si tiyi amene tikufuna.

Amayi ako,
Phyllis Nambewe

*

Kabudula
10 Febuluwale 2013

Mwana wanga Thoko,

Shuga wafika, zikomo. Ndikulemba ndili wosangalala, chifukwa alendo ako anabwera ndipo sitinachite manyazi ngakhale pang'ono.

Ndinazira khonde, ndinapaka polishi m'nyumba, ndinachapa makatani. Beseni lija, nsanza zija ndi mapaketi onse ndinakazitsekera m'nkhokwe. Abambo ako anasiya kudya dzulo lake masana kuti m'mimba mukhale bata, ndipo anavala suti yakuda ya pa Mgonero ija. Yayamba kuwakulira, koma ndinaibweza ndi mapini kumbuyo, moti munthu sakanadziwa. Amayi a Chigwirizano anabwera atavala zoyera zawo n'kuyamba kuimba galimoto isanaime n'komwe. Ukanaona, mwana wanga! A kutsidya la dambo anachita kukwera pachulu.

Edward wanenepa, koma ulemu sanataye. Anawapatsa moni abambo ako ndi manja awiri, nati, "Aphunzitsi, ndamva kuti mukudwala. Muli bwanji?" Abambo ako anaimirira chilili ngati pa asembule, nati, "Ndili bwino, Olemekezeka, kaya inu." Anacheza za sukulu, za mlatho wa pa dambo ndi za makuponi a feteleza. Anakumbutsana za tsiku limene anamukwapula chifukwa chothawa masamu, ndipo Edward anaseka mpaka misozi.

Mnzako Benedeta yekha ndiye sindinamumvetse. Mayi wamkulu ndithu, wa imvi zake, koma anthu ali pa tiyi anayamba kuti, "Kodi aphunzitsi, nanga matumba aja mukuwapeza bwanji?" Pamaso pa amayi a mpingo, pamaso pa dalaivala! Ine ndinangoti, "Mayi, tiyi wanu akuzizira," n'kumusunthira mbale ya zitumbuwa. Anayesanso kachiwiri, ine ndinayambitsa nyimbo. Pochoka nkhope yake inali itagwa ngati tamumana chakudya.

Edward tinamupatsa tambala wofiira uja. Polowa m'galimoto anandigwira dzanja nati, "Amayi, mtima wanga wakhala pansi. Ndimaopa kuti ndiwapeza ali gone, koma mukuwasamala bwino kwambiri." Mawu amenewo amayi onse anawamva.

Abambo ako anachita chizungulire alendo atangochoka, koma atamwa phala anapeza bwino. Tsono utiuze kuti matumbawo afika liti.

Amayi ako,
Phyllis Nambewe

*

Kawale, Lilongwe
17 Febuluwale 2013

Amayi,

Moni ndikupereka, koma ndikulemba ndili wokwiya.

Mukufunsa kuti matumba afika liti? Sakubwera, Amayi. Munawabweza nokha ndi zitumbuwa zanu.

Mayi Benedeta anakhala akuyendera a Nkhoma kuyambira chaka chatha. Ankakwera minibasi ndi ndalama za penshoni yawo, kukakhala pabenchi tsiku lonse, kuuzidwa kuti bwerani mawa. Ulendo wa kwathu uja ndiwo unali chipolopolo chawo chomaliza. Pobwerera, m'galimoto momwemo, a Nkhoma anawauza kuti, "Mayi, mwaona nokha. Aphunzitsi ali ndi mphamvu kuposa ine. Anthuwa akudzisamala bwino kumudzi. Nkhani yanuyi ingathe kudikira, tiyambe tathana ndi malungo." Ndipo sindikuwadzudzula. Anaona suti, anamva nyimbo, anapita ndi tambala. Akanadziwa bwanji kuti mphunzitsi wawo amamata paketi ya shuga pamimba ndi pulasitala, khungu lonse lili zilonda?

Mayi Benedeta analira pamaso panga, mayi amene sanalire pamaliro pa amuna awo. Si Ababa okha, Amayi. Bungweli lili ndi anthu ku Nsaru, ku Namitete, ku Mpingu, onse obisala m'nyumba ngati anaba.

Mwezi wa Epulo komiti ya umoyo idzakhala pansi kumva madandaulo bajeti isanakambidwe. Mayi Benedeta apempha kanthawi ndipo awapatsa. Ali ndi dokotala wodzafotokoza za matendawa, koma akusowa wodwala woti adzayankhule ndi pakamwa pake. Onse akukana, ndipo tsopano ndikumvetsa chifukwa chake: aliyense ali ndi mkazi kapena mwamuna wodziwa kuzira khonde.

Ulemu wanuwo ukupha Ababa. Ndanena.

Thokozile

*

Kawale, Lilongwe
10 Malichi 2013

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Isaac wabwera kangapo chimanjamanja. Akuti mukamuona mumangomupatsa moni n'kulowa m'nyumba. Ndinayesa kuimba foni, koma ikumakhala yozima.

Ndinalemba mwaukali, ndipo mawu omaliza aja sindinayenere kuwalemba. Ndikudziwa amene amadzuka kukachapa nsanza anthu asanayambe kudutsa panjira. Ndikudziwa kuti si ine. Ndikhululukireni.

Ndatumiza shuga, pulasitala ndi mafuta opaka pazilonda. Ngati simukufuna kundilembera, ingomuuzani Isaac ngati Ababa akudya.

Mwana wanu,
Thokozile

*

Kabudula
24 Malichi 2013

Wokondedwa mwana wanga Thokozile,

Ndine bambo ako. Usadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, dzanja linaiwala choko.

Kalata yako ya pa 17 Febuluwale amayi ako anandiikira patebulo nati, "Werengani mwano wa mwana wanu." Ndinaiwerenga. Ndikanakhala ndikuchonga, pa ulemu ndikanakupatsa ziro, koma pa choonadi unakhoza. Pamene unalakwa ndi pamodzi: mlandu wonse unawasenzetsa amayi ako. Suti ija ndinaitanitsa ndine. Sindinafune kuti mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira pensulo andimvere chisoni.

Unafunsa za ku tchalitchi. Nkhani zotere bambo sakamba ndi mwana wake wamkazi, koma pepala lilibe maso, ndiye ndilemba. Pa Mgonero wa mu Disembala ndinanyamula mbale ya mkate monga mwa nthawi zonse. Ndili pakati pa tchalitchi, anthu ali zii, pulasitala anamatuka. Ndinamva kutentha kukutsika m'malaya, ndipo amene anali pafupi anamva fungo. Ndinapatsira mbale a Yesaya, mkulu mnzanga, n'kutuluka. Palibe amene wanditchulirapo za tsikulo mpaka lero, ngakhale abusa. Akandiona amangoti, "Mukupeza bwanji, aphunzitsi?" ine n'kuti, "Ndili bwino." Tonse ndife anthu aulemu kwambiri.

Sabata yatha tinaika Lines, mayi wa kutsidya la dambo. Anatichita opareshoni yofanana mwezi umodzimodzi, ndipo tinkakumana pamzere kuchipatala. Kumaliroko ndinapita, koma ndinakaima kutali pansi pa mtengo. Woyankhulira banja anati malemu anangodwala mutu ndi kutentha thupi. Anthu atabalalika, mwamuna wake anandikokera pambali nati, "Aphunzitsi, inu nokha ndi amene mungamvetse. Si khansa yamutenga mkazi wanga, adokotala anati anaichotsa. Analeka kudya. Ankati akadya jumbo imadzaza, ana amamva fungo. Ufa unalimo m'nyumba."

Thokozile, ndinabwerera kunyumba ndikulingalira mawu amenewo. Inenso ndinali nditayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo amayi ako ndinkawauza kuti m'kamwa mukuwawa.

Uwauze Mayi Benedeta kuti wodwala wapezeka. Ndibwera ndi Isaac tsikulo likayandikira. Ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, asandilembere zokanena, ndinaphunzitsa ana osamva kuposa aphungu. Lachiwiri, iwe ngati ukufuna kulowa nawo, udzakhale kumbuyo kwanga pamene sindingaone nkhope yako.

Amayi ako sanavomere. Akuti ndikukadzivula pagulu. Komabe dzulo ndinawaona akusita suti ija, ndipo madzulo ndinadya mpaka kupempha kuwonjezera.

Bambo ako,
G. Mwale

*

Kawale, Lilongwe
19 Epulo 2013

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji, ndipo mtedza mwayamba kukumba? Ababa ali bwino ndithu, ulendo uno ndikunena zoona. Akhala kuno mpaka Lachitatu kuti adokotala awaone. Ndikulemba chifukwa ndikudziwa kuti akafika adzangoti "zinayenda bwino" n'kufunsa za fodya. Koma inu muyenera kumva zonse.

Dzulo tinalowa ku Nyumba ya Malamulo. Pageti asilikali anasecha chikwama cha Ababa, napeza sizasi, pulasitala ndi paketi ya shuga yopanda kanthu. Anafuna kulanda sizasi, koma Mayi Benedeta anachonderera mpaka msilikali mmodzi anavomera kutinyamulira yekha.

M'chipindamo munali tebulo lalitali, aphungu atakhala mozungulira, a Nkhoma ali cha kumapeto. Dokotala anayamba, ndi manambala ake, ndipo ndinaona ena akuseweretsa mafoni. Mayi Benedeta anayankhula bwino, koma anthuwa anawamva kale kambirimbiri. Mtima wanga unayamba kugwa. Kenako wapampando anati, "Bambo Mwale, mungathe kuyankhula mutakhala." Ababa anati, "Zikomo, koma sindinaphunzitsepo nditakhala."

Anaimirira n'kuyang'ana a Nkhoma. Anati, "Olemekezeka, munabwera kwathu n'kundifunsa kuti ndili bwanji. Ndinakuyankhani monga timayankhira alendo kwathu. Lero mlendo ndine, ndiye ndiyankhanso funso lija. Sindili bwino."

Amayi, mafoni onse anaikidwa pansi.

Anaitanitsa sizasi kwa msilikali uja. Anakweza paketi m'mwamba nati, "Ichi n'chiyani?" Aphungu anangoyang'anana. Anati, "Ndafunsa funso, Olemekezeka." Phungu wina wamayi anayankha motsitsa kuti, "Paketi ya shuga." Ababa anati, "Mwakhoza. Kwa inu ndi zinyalala, kwa ine ndi chimbudzi." Anaidula pakona, anaonetsa mmene amaipindira m'mphepete kuti isacheke khungu, mmene amamatira pulasitala, ndi pamene imayambira kudontha munthu akawerama. Anafotokoza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa masamu ogawa. Kenako anavula jekete n'kulikoleka pampando, namasula mabatani awiri a malaya.

Ine ndinali kumbuyo monga anandiuzira. Sindinaone chimene iwo anaona. Ndinaona nkhope zawo zokha, ndipo zinandikwanira.

Anasimba za Lines, osatchula mudzi wake. Pomaliza anati, "Madokotala a boma anatipulumutsa, ndipo tikuthokoza. Koma munthu mukamuwolotsa mtsinje simumusiya pamatope. Sindikupempha galimoto. Ndikupempha kathumba, kuti ndibwerere kukagawa mkate ku tchalitchi kwathu."

A Nkhoma anaimirira osapempha n'chilolezo chomwe. Anati, "Aphunzitsi, ndinadya tambala wanu, koma sindinaone chilichonse. Valani jekete." Anabwera okha kudzawaveka.

Wapampando analonjeza kuti komiti ilemba nkhaniyi m'lipoti lake ndi kupempha unduna kuti matumbawa alowe mu bajeti. Mayi Benedeta akuti tisavine msanga, lonjezo la m'chipinda limafunika kulilondola mpaka litasanduka katoni. Lolemba ayambiranso kukhala pamabenchi aja. Koma akuti m'zaka zonsezi aka n'koyamba phungu kuwathamangira iwo kuti awapatse nambala ya foni.

Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni: munali mtolankhani wa wailesi, ndipo Ababa anamulola kujambula mawu. Ndinati muyambe mwamva kwa ine.

Amayi, ndakhala ndikunyadira Ababa moyo wanga wonse, koma dzulo ndinafuna kuuza aliyense mu minibasi kuti awa ndi bambo anga. Suti ija munaisita bwino kwambiri.

Mwana wanu,
Thokozile

*

Kabudula
10 Juni 2013

Mwana wanga Thoko,

Uli bwanji? Ndakhala chete nthawi yaitali, koma usaganize kuti ndikadakwiya. Ndinakukhululukira kalekale, ngakhale mwano uja sunachite kutola panjira, unatengera ine.

Chenjezo lako linafika mochedwa. Galimoto ya Isaac inafera pa Nsaru, ndipo kalata inagona m'menemo mpaka Lachiwiri. Wailesi ndiyo inayamba kufika. Tinali m'munda mwa a Yesaya tikuthothola mtedza, amayi a Chigwirizano tonse, kawailesi kali pamtengo. Ndinangomva mawu a abambo ako akuti, "Kwa inu ndi zinyalala, kwa ine ndi chimbudzi." Mwana wanga, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinazyolika, manja akuthothola okha, kudikira kuti wina aseke.

Palibe anaseka. Akazi a Yesaya anakweza wailesi. Itatha nkhaniyo anati, "Nambewe, chaka chonse mwasenza zimenezi nokha, ife tikukuimbirani nyimbo pakhonde?" Ndinalira pomwepo, pamaso pa anthu, ine amene umandidziwa.

Chiyambire tsikulo pakhomo pano sipakutha anthu. Amabwera ngati akudzabwereka khasu, kenako amanong'ona kuti akhala akuona magazi akapita kuseri. Abambo ako amawalembera kakalata kopita nako kuchipatala, ndi dzina la mnzako Benedeta pansi pake. Mayi ameneyu ukamuona umuuze kuti akadzabweranso tiyi adzamwa wotentha, ndipo sindidzayambitsa nyimbo.

Edward anabweranso sabata yatha, wopanda kwaya, wopanda polishi. Anandipeza ndikuyanika nsanza pachingwe cha kutsogolo, pakuti masiku ano sindiyanikanso kuseri. Anati, "Muli bwanji, amayi?" Lilime linafuna kuthamangira kumene linazolowera, koma ndinaligwira. Ndinati, "Sitili bwino, Olemekezeka. Bwerani muone." Ndinamuonetsa beseni, nsanza ndi mapaketi. Akuti nkhani ija yalowa m'lipoti, ndipo ayifunsa m'Nyumba pokambirana bajeti mwezi uno. Ndinamuuza kuti wailesi tili nayo, tidzamvetsera. Pochoka anayang'ana tambala wakuda amene wakula tsopano uja. Ndinati, "Ameneyo ndi wanu ndithu, koma mudzamutenga tsiku lodzatula makatoni pachipatala chathu." Anaseka, koma anamva.

Tsono dzulo kunali Mgonero. Loweruka abusa ndi a Yesaya anabwera kudzawapempha abambo ako kuti abwerere pa ntchito yawo. Iwo anati, "Matumba sanafike, ndikadali pa paketi." A Yesaya anati, "Tikudziwa, tinamva pa wailesi. Ine ndiziyenda pambuyo panu. Ikamatuka mudzandipatsira mbale, mukakonze, mubwerenso. Tidzakudikirani."

M'mawa anadya phala mbale yodzaza. Ndinawamata ndekha, pulasitala kawiri. Nthawi ya mkate itakwana anaimirira ndi akulu anzawo, ndipo abusa anawapatsa mbali imene timakhala amayi. Ukudziwa mmene tchalitchi chathu chimakhalira chete pa nthawi imeneyo. Paketi ija inkamveka, Thoko. Akaponda, tcheke. Akawerama kupereka mbale, tcheke. Mpingo wonse unkaimva, ndipo aliyense ankadziwa kuti n'chiyani. Iwo ankangoyenda, msana uli chilili, benchi ndi benchi, a Yesaya ali pambuyo.

Atafika pa benchi yathu anandiyang'ana. Ndinatenga mkate m'mbale imene ananyamula amuna anga, ndipo sindinayang'ane pansi. Ndakhala nawo zaka zambiri abambo akowa, koma sindinawanyadirepo ngati dzulo.

Sinamatuke. Anamaliza mabenchi onse.

Shuga utumizebe, mwana wanga, wa m'mapaketi, mpaka makatoniwo afike. Ndipo umuuze Isaac kuti safunikanso kumubisa pansi pa mpando.

Amayi ako,
Phyllis Nambewe